Digiri ya magetsi yosanunkha girizi

Abale anga a ku Malawi, a ku Chipata ndi ku Lusaka, a ku Tete ndi ku Niassa, ndi inu anzanga obadwira kuno ku Zimbabwe amene agogo athu anatsata migodi ndi minda ya azungu, ndikulemba ndili ku Sakubva mu mzinda wa Mutare. Ndivomereretu kuti ine si injiniya. Ndinaphunzira za zinenero, ndipo waya wa moto ndimauopa monga mmene munthu aliyense wanzeru amauopera. Koma pali nkhani ya magetsi imene yakhala ikundidya mumtima kwa chaka chathunthu, ndipo poisinkhasinkha ndapeza kuti mbali ina ndi ya manja, mbali ina ndi ya chilankhulo. Pa mbali yachiwiriyo ndili ndi ufulu wolankhula. Pa yoyambayo ndilankhula monga mboni.

Msuweni wanga anamaliza maphunziro a zamagetsi pa koleji ina, ndipo tsiku limene anabwera ndi dipuloma abale tonse tinavina. Patapita miyezi ingapo tinapita limodzi kumudzi kwa azakhali athu. Kachipatala ka kumeneko kanali katatha masabata asanu mu mdima, chonsecho padenga pali mapanelo a sola ndipo m'kachipinda kena muli mabatire. Anamwino ankabereketsa amayi usiku ataluma tochi ya foni pakamwa. Anali atauzidwa kuti asalole munthu wamba kugwira zidazo, adikire amene anaziika. Koma amene anaziikawo anali kutali, ndipo foni yawo inkangoitana. Atamva kuti m'mudzi mwafika wophunzira zamagetsi, anatuma mwana kudzatitenga. Msuweni wangayo anaimirira pamaso pa inveta pafupifupi ola lathunthu. Papepala anandijambulira njira yonse ya moto, kuchokera padenga mpaka pa babu, mosaphonya. Koma manja ake anakana kutsegula bokosi. Potsiriza anamwino analola bambo wina wokonza mawailesi pamsika kuti alowe, poti tsopano panali munthu wa dipuloma woti aimire umboni. Bamboyo anafika ndi sipanala ndi kansanza, napeza kuti mutu wa batire limodzi wadyeka ndipo nati yakhwepa. Mphindi makumi awiri zisanathe, nyali zinayaka.

Musafulumire kumuseka mnyamatayo. Si mbuli, ndipo si waulesi. Pa zaka zake zonse za kukoleji, makina ankawaona ali m'gulu la anthu makumi anayi atazungulira mphunzitsi mmodzi. Atatumizidwa kukaphunzira ntchito ku kampani, anamusenzetsa makwerero n'kumuletsa kugwira china chilichonse. Eni kampaniyo sanalakwe, pakuti pa mawaya a dziko lonse wophunzira akasokoneza malo amodzi, dera lonse limagona mu mdima, ndipo mwina wina amafa. Kulakwa kuli pakuti tinavomera kuti pakati pa bolodi la m'kalasi ndi siteshoni ya Kariba palibe malo ena ophunzirira. Malowo alipo. Ali m'midzi yathu, ndipo ena ali pano pamphuno pa Mutare.

Ndikunena timagridi ta m'midzi: malo aang'ono opangira magetsi, a madzi kapena a dzuwa, okhala ndi mawaya awoawo, mamita awoawo ndi makasitomala awoawo, osalumikizidwa ku ZESA, ESCOM, ZESCO kapena EDM. Mfundo yanga ndi imodzi. Koleji iliyonse yophunzitsa uinjiniya wa magetsi m'chigawo chathu chino imangiriridwe ku kagridi kenikeni ka mudzi weniweni, ndipo wophunzira asapatsidwe pepala asanakagwire ntchito kumeneko kwa miyezi, dzinja ndi chilimwe, ndiponso asanafotokozere eni mudzi mmene makinawo amayendera m'chilankhulo chawo, iwo n'kumva.

Kumwera kwa Mutare, ku Chipendeke, kuli kasiteshoni ka madzi ka makilowati pafupifupi 25 kamene kanayamba kugwira ntchito mu 2010 ndi thandizo la bungwe la Practical Action. Kanaunikira sukulu, chipatala, masitolo ndi nyumba za anthu. M'boma lomweli la Mutare kuli kenanso ku Himalaya, kokulirapo. Bungwe lomwelo linagwirapo pa ntchito ya ku Bondo m'munsi mwa phiri la Mulanje, pa mtsinje wa Lichenya, imene inabala kampani ya MEGA yogulitsa magetsi kwa anthu a m'midzi ya kumeneko. Ku Mchinji kuli kagridi ka dzuwa ka ku Sitolo, ka makilowati 80. Ku Dedza, m'mudzi wa Mthembanji, kuyambira mu 2020 kuli ka makilowati 12, komangidwa mogwirizana ndi yunivesite ya Strathclyde ya ku Scotland. Taonani dzina lomalizali. Akatswiri a ku Glasgow anazindikira kuti mudzi wa ku Dedza ndi sukulu. Anawerenga zimene mamita a kumeneko amanena, nalemba za mmene anthu amagwiritsira ntchito magetsi ndi mmene amalipirira, ndipo anachita bwino. Sindikuwachitira kaduka. Ndikungofunsa kuti ngati munthu angaphunzire za Mthembanji ali ku Glasgow, n'chiyani chikuletsa wa ku Mutare Polytechnic kugona ku Chipendeke miyezi isanu ndi umodzi, kapena wa ku MUBAS kuchita chimodzimodzi ku Bondo? Ulendo wa tsiku limodzi pa basi, wokajambulitsa zithunzi pafupi ndi mpope n'kubwerera dzuwa lisanalowe, si umene ndikunena.

Kodi kagridi kamaphunzitsa chiyani chimene bolodi silingaphunzitse? Apa ndinakhala pansi ndi kufunsa odziwa, ndipo zimene anandiuza n'zosavuta kumva. M'kalasi wophunzira amauzidwa kuti mphamvu ya madzi imadalira zinthu ziwiri: kuchuluka kwa madzi ndi kutalika kwa pamene akugwera. Malita 100 pa sekondi, akagwa mamita 40, papepala amapereka makilowati 39. Koma madzi amakhulana ndi mpope, gudumu silimwa mphamvu yonse, jenereta imatentha, ndipo chofika ku mawaya chikhoza kukhala makilowati 23 kapena 24. Zimenezi wophunzira angaziloweze usiku umodzi n'kukhoza mayeso. Chimene sangaloweze n'chakuti mu Okutobala mtsinje umaphwa, madzi n'kutsala theka, pamene alimi a kumtunda nawonso akuwafuna pothirira mbewu, ndipo wina ayenera kukakhala pabwalo ndi amfumu kukambirana kuti madzi apite kuti, nthawi yanji. Sangaloweze kuti mvula yoyamba imatsitsa mchenga ndi masamba n'kutseka sefa ya pakamwa pa mpope, ndipo pakati pa usiku wina ayenera kudzuka ndi fosholo.

Palinso nkhani ya kugunda kwa magetsi. M'mayiko athu onse moto wa m'mawaya umapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse, ndipo nambala imeneyi iyenera kusungidwa. Pa gridi ya dziko lonse, inu mukazimitsa chitofu palibe chimene chimasintha, chifukwa ndinu dontho m'nyanja. Pa kagridi ka makilowati 25 zinthu n'zina. Mudzi ukagona, nyali zonse n'kuzima, jenereta imapepukidwa n'kuyamba kuthamanga mopitirira muyezo. N'chifukwa chake pamakhala kachida kamene kamatenga mphamvu yotsalayo n'kuitayira mu zitsulo zotenthetsa madzi kapena mpweya, kuti jenereta imve kulemera kofanana usana ndi usiku. Ndiye kukacha, mwini chigayo akaliza mota yake, motayo poyamba kuzungulira imakoka moto wochuluka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa umene imadya ikakhazikika. Mababu a m'mudzi monse amatsinzina. Furiji ya katemera kuchipatala imadandaula. Wophunzira amene waona zimenezi ndi maso, namva ndi makutu jenereta ikusintha kulira, nathamangira kwa mwini chigayo kukapangana nthawi yogayitsa, wamvetsa m'mawa umodzi zimene machaputala atatu a buku amalephera kumulowetsa m'mutu. Ndipo akalakwitsa, mphunzitsi ali pambali pake, chozima ndi mudzi umodzi kwa ola limodzi, osati mzinda.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu muyankhe, pakuti ndazimva kale kwa anthu ovala mataye. Amati timagridi ndi zidole za mabungwe, ndipo injiniya weniweni amaumbidwa pa Kariba, pa Cahora Bassa, pa Hwange. Ndiwakumbutse zaka zochepa zapitazi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo Malawi anataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Mu Novembala chaka chomwecho bungwe la Zambezi River Authority linauza Zimbabwe kuti iimitse kupanga magetsi ku Kariba South, siteshoni ya mamegawati 1,050, chifukwa madzi a gawo lake anali atatha. Mu 2024 chilala chinasiya a ku Lusaka akuona malaiti maola owerengeka patsiku. Nanga Cahora Bassa, ndi mamegawati ake 2,075? Gawo lalikulu la mphamvu yake limayenda makilomita pafupifupi 1,400 kuchoka ku Songo kupita kufupi ndi Johannesburg, likudutsa pamwamba pa midzi yogona ndi koloboyi. Sindikunyoza masiteshoni akuluakulu. Popanda iwo mafakitale ndi migodi zingaime. Koma amene akuphunzitsa ana athu ngati kuti mawa lonse la magetsi lili m'madamu atatu kapena anayi akuwakonzekeretsa dziko limene likutha.

Ndipotu luso la pa kagridi ndi lomwe gridi yaikulu yayamba kulisowa. Ku Salima kuli munda wa sola wa mamegawati 60, ku Golomoti kuli wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire akuluakulu. Kuno ku Manicaland, m'chigwa cha Honde, masiteshoni aang'ono a madzi a pa mtsinje wa Pungwe ndi ina yoyandikana nayo amathira magetsi mu gridi ya dziko. Mtambo ukaphimba Salima, woyendetsa gridi ya Malawi amakumana ndi funso lomwelo limene woyang'anira kagridi ka dzuwa amakumana nalo tsiku lililonse: opanga achepa mwadzidzidzi, odya sanachepe, ndichite chiyani m'masekondi ochepa amenewa? Kusiyana kwake n'kwa kukula kokha.

Pali chitsutso china chimene sindingachikankhire kumbali, chifukwa n'cholemera. Wina anandifunsa kuti, kodi anthu a kumudzi ndiwo asanduke mbewa zoyesera ana a sukulu? Osauka alandire magetsi a ophunzira, olemera alandire a akatswiri? Funsoli linandisowetsa tulo. Yankho langa n'lakuti tione kaye mmene zinthu zilili lero. Lero osaukawo salandira akatswiri. Amalandira mlendo amene amabwera ndi galimoto, kuika zida, kudula riboni n'kupita. Mlendo ndi mame. Ndalama za ntchitoyo zikatha, m'mudzi mumatsala buku lachingerezi m'kabati yokhoma ndi nambala ya foni yongoitana. Koleji siyenda. Mutare Polytechnic, Africa University ya ku Old Mutare, Manicaland State University of Applied Sciences, yunivesite ya Mzuzu, zonsezi zidzakhalapo zaka makumi atatu zikubwerazi, ndipo chaka chilichonse zidzakhala ndi manja atsopano ofuna ntchito. Madokotala timawaphunzitsa pa odwala enieni, pansi pa diso la wamkulu, ndipo palibe amene amati zipatala zophunzitsira zitsekedwe. Chofunika ndi malamulo olimba. Injiniya wa chiphaso akhale ndi udindo pa chilichonse chimene wophunzira wagwira. Koleji ilipire zimene ophunzira ake aononga. Komiti ya mudzi ikhale ndi mphamvu yobweza wophunzira wamwano kapena wosasamala, ndipo mawu ake awerengedwe pa malikisi. Amisiri a m'mudzi amene akhala akusamala makinawo zaka zonsezi alipidwe monga aphunzitsi, pakuti ndi aphunzitsi, ndiponso atsegulidwe khomo lopezera pepala pa zimene akudziwa kale. Bambo wa mawailesi uja anaphunzitsa msuweni wanga zambiri m'mphindi makumi awiri, koma anapita kwawo ndi zikomo wapakamwa.

Boma la Zimbabwe lili ndi ndondomeko yotchedwa Education 5.0, imene imati sukulu zaukachenjede zisamangophunzitsa ndi kufufuza, koma zitumikire anthu, zitulukire zatsopano ndi kubala mafakitale. Chabwino. Nayi njira yoikwaniritsira imene sifuna nyumba yatsopano ya magalasi: pangano lolembedwa pakati pa koleji ndi komiti ya mudzi, galimoto imodzi, ndi chipinda chogona ophunzira asanu.

Tsopano ndifike pa munda wanga. Nenani kuti zonsezi zatheka, wophunzira wafika ku Bondo kapena ku Sitolo. Adzalankhula chiyani? Pa gridi ya dziko injiniya akhoza kupuma pa ntchito asanalankhulepo ndi kasitomala. Pa kagridi, makasitomala ndi mbali ya makinawo. Mayi mmodzi akalumikiza ayironi pa nthawi yolakwika, onse amamva. Choncho kufotokoza si ulemu chabe. Ndi gawo la uinjiniya, lofanana ndi kumanga nati. Ndipo apa pali dzenje limene ife a zinenero tinalisiya losakwirira.

Tamverani mmene timalankhulira. Wa ku Lilongwe amati magetsi azima, wa ku Lusaka amati malaiti apita, ife kuno timangoti ZESA yapita, ndipo tonse tikachenjeza mwana timati waya uwo uli ndi moto. Mawu ndi ambiri, koma sasiyanitsa zimene injiniya ayenera kusiyanitsa. Choipitsitsa ndi liwu loti mphamvu. Timalisenzetsa katundu wa zinthu ziwiri zosiyana: liwiro limene chida chimadyera magetsi, loyezedwa m'mawati, ndi mulu wa magetsi amene chadya pa nthawi yonse, umene timagula monga mayunitsi. Ketulo ya mawati 2,000 yoyaka mphindi zisanu imadya mayunitsi ochepa kuposa babu la mawati 20 loyaka usiku wonse wa maola khumi, komabe ketuloyo ndiyo ingagwetse kagridi, babulo ayi. Fotokozani zimenezi kwa gogo amene walipira mayunitsi ake mokhulupirika ndipo akufunsa chifukwa chimene mukumuletsera ketulo, muli ndi liwu limodzi lokha loti mphamvu. Adzaganiza kuti mukumubera, ndipo sindingamudzudzule.

Ena amati ichi ndi chizindikiro chakuti Chichewa sichingasenze sayansi. Bodza lamkunkhuniza. Chingerezi nachonso sichinabadwe ndi mawu amenewa. Liwu lawo la moto woyenda m'waya analibwereka ku mtsinje woyenda, ndipo volt, amp ndi watt ndi maina a anthu: Volta, Ampère ndi Watt. Anatola zimene anali nazo pafupi n'kuzizolowera. Mawu a ntchito sabadwira mu ofesi. Amabadwa pamene anthu awiri agwira chinthu chimodzi ndipo wina ayenera kuchenjeza mnzake msanga. Amakanika a ku Ndirande ndi a ku Sakubva ali ndi dzina la kachitsulo kalikonse ka mu injini, lina lobwereka, lina lopeka, popanda komiti imene inawapatsa. Mawu a magetsi ndi osauka chifukwa chimodzi: amene amadziwa sayansi yake amaidziwa m'Chingerezi ndipo sakhala m'mudzi, pamene okhala m'mudzi amaletsedwa kutsegula bokosi. Akumanitseni pa kagridi kwa miyezi isanu ndi umodzi, mawu adzamera okha. Ntchito ya ife a zinenero, ndi ya a Centre for Language Studies ku Zomba, idzakhala kupita ndi kope kukawatola, kuwayerekeza ndi a ku Chipata ndi a ku Angónia, n'kuwabweza kwa eni ake ali m'buku.

William Kamkwamba wa ku Kasungu anamanga makina ake amphepo mu 2002 ali ndi zaka 14, atapeza buku lachingerezi mu laibulale yaing'ono. Chingerezi chake chinali chochepa, ndipo anadalira kwambiri zithunzi. Nkhaniyi timaikonda, ndipo timaifotokoza monga umboni wa nzeru za mwana wa Chimalawi. Ine ndimaimva mwina. Ndimaganiza za anzake amene anatsegula mabuku onga lomwelo, chilankhulo n'kuwatsekera chitseko, iwo n'kubwerera kumunda. Mmodzi anadumpha mpanda, ndipo ife tikuombera m'manja mpandawo uli chiimire.

Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013, m'gawo 6, amavomereza zinenero 16, ndipo Chichewa ndicho choyamba pa mndandandawo, ngakhale kuti n'chifukwa cha alifabeti chabe. Gawo lomwelo limalamula boma kulimbikitsa kugwiritsa ntchito zinenero zonsezi. Sindikupempha kuti masamu a uinjiniya amasuliridwe mawa, kapena kuti Chingerezi chichotsedwe m'kalasi. Msuweni wanga akufunika kuwerenga mabuku a dziko lonse lapansi. Ndikupempha mayeso amodzi okha, a pakamwa, ochitikira pansi pa mtengo. Ku Chipendeke akhale m'Chimanyika, ku Mthembanji ndi ku Sitolo m'Chichewa, kwina m'chilankhulo cha kumeneko. Wophunzira aime pamaso pa komiti ya mudzi, afotokoze chifukwa chimene chigayo ndi makina owotcherera zitsulo sayenera kulizidwa nthawi imodzi, chifukwa chimene batire silifunika kukamidwa mpaka kuuma, ndi choyenera kuchita munthu akagwidwa ndi moto. Kenako mayi mmodzi wa m'komitiyo abwereze m'mawu ake. Akalephera kubwereza, walephera ndi wophunzira.

Kuti ndisangokhala wodzudzula, nawa mawu awiri amene ndakhala ndikuwayesa pa azakhali anga. Za mawati ndimati kakokedwe: ketulo ili ndi kakokedwe kakakulu, babu kakang'ono. Za mayunitsi ndimati mulingo, monga mulingo wa ufa: kakokedwe kakang'ono ka usiku wonse kamatha mulingo waukulu. Azakhali anamva loyambalo nthawi yomweyo, koma lachiwirilo analikana, nati mulingo ndi wa mchere ndi mankhwala, magetsi ndi mayunitsi basi, ndisawavutitse. Ndawagonjera. Loti kakokedwe msuweni wanga wayamba kuligwiritsa ntchito pa makasitomala ake, pakuti masiku ano amayenda ndi bambo wa mawailesi uja kuika ndi kukonza masola m'midzi ya kumeneko, ndipo akuti anthu amalimva. Lotisowa mpaka pano ndi la volteji. Ndinayesa kukankha, ndinayesa msinkhu wa moto poganizira madzi ogwa kuchokera pamwamba, koma onse awiri sanakhazikike pakamwa pa munthu. A ku Tete ndi a ku Chipata, amisiri a kwanuko amati chiyani akafuna kunena kuti moto ulipo koma wafooka?